Paipi Yopanda Chipsera cha Nyundo

Birmingham, Mangalande
9 Febuluwale 1975

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi chemwali Habiba, amene ndikudziwa kuti ndiye akukuwerengerani. Ine ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti kuzizira kwa kuno n'kosasimbika. Chisanu cha mu Juni cha ku Nkaya chija n'chibwana.

Miyezi inayi yatha chichokereni kwathu, pamene akuluakulu a njanji ananditumiza kuno kudzaphunzira za zitsulo. Zambiri zimene akutiphunzitsa ndinazionera kale pakhonde panu ku Ntaja: kudula, kupinda, kuwotcherera. Aphunzitsi akandifunsa kumene ndinadziwira kugwira nyundo, ndimawauza kuti bambo anga akhala akukhoma ndowa, mbaula ndi maketulo zaka makumi anayi. Koma Lachitatu lapitali ndinaona chinthu chimene inunso simunachionepo.

Kuseri kwa sukulu yathu kuli chipinda chimene amachiyang'anira mkulu wina wa imvi, dzina lawo a Hollis. Pakati pa chipindacho pali makina aakulu ngati nkhokwe, ndipo kutsogolo kwake kuli waya wa kopa wonenepa ngati chala chachikulu, wokulungidwa ngati nkhata. A Hollis anatenga paipi ya aluminiyamu, chitsulo cha mapoto chija, yotalika ngati chikhatho, n'kuiimika m'kati mwa nkhatayo. Siinkakhudza wayayo. Ndinawerama dala kuti ndionetsetse, ndipo mpata unkaoneka kuzungulira konse.

Anatiuza kuti tiime kuseri kwa galasi. Makina anayamba kulira pansipansi ngati njuchi zili mumphako. Iwo anati magetsi akusonkhana, monga madzi amadzazira m'damu. Kenaka anadina batani. Kunamveka phokoso limodzi lokha, ndipo palibe chimene ndinaona chikusuntha. Koma atatulutsa paipi ija, inali ndi chiuno ngati mtondo. Chiuno chosalala, chofanana mbali zonse, chopanda chipsera ngakhale chimodzi. Panalibe moto, panalibe nyundo, panalibe chimene chinaikhudza. Nditaigwira inali yofunda pang'ono, ngati dzira loikiridwa kumene.

Ababa, ndinangoti kukamwa yasa mpaka anzanga anandiseka. Ntchito imene inu ndi ine tikanakhoma m'mawa wonse inatha diso lisanaphethire. Ndinati mumtima, masiku a nyundo akutha, kutsogoloku dzanja la munthu silidzafunikanso pa chitsulo. Ndinalakalaka mukanakhala pambali panga.

Ndiuzeni za kumeneko. Mvula ikugwa bwanji? Malata akupezeka ku Balaka?

Ndine mwana wanu,
Sadiki


Ntaja
16 Malichi 1975

Achimwene,

Wa alaikum salamu. Kalata yanu inafika ndipo takondwa kumva kuti muli bwino. Ife kuno tadzuka. Mvula inagwa yambiri mu Febuluwale mpaka msewu wa ku Nselema unaduka masiku anayi, koma chimanga chili bwino ndipo mpunga wa kudambo wayamba kutulutsa ngala. Malata akupezeka.

Ababa ndinawawerengera kalata yonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanatulukenso kukagulitsa. Mawa lake nditawafunsa choti ndikuyankheni, anati ndikuuzeni kuti muzilimbikira sukulu ndi mapemphero a swala.

Ine pempho langa ndi ili. Mukamalemba, lembani za chakudya, za anthu, za mzikiti wa kumeneko, koma za makina aja musalembenso. Musandifunse chifukwa.

Chachiwiri, ngati kumeneko amagulitsa magolovesi achikopa ogwirira ntchito, munditumizire. Akhale aang'ono, olingana ndi manja anga.

Ndine mlongo wanu,
Habiba


Birmingham
12 Epulo 1975

Chemwali Habiba,

Ndikupatsa moni, ndipo undiperekere moni kwa Ababa. Kalatayi ndaiika m'phukusi limodzi ndi magolovesi ako. Kodi khasu layamba kukutupitsa manja iwe amene unakulira kumunda?

Kalata yako yandivutitsa maganizo. Ndaganiza uku ndi uku, ndipo ndaona kuti mwina Ababa akuyesa kuti ndalowa m'zinthu za majini. Wandiletsa kulemba za makina, koma ndilole kamodzi kokha, kuti uwamasulire.

Uwakumbutse maginito aja anachotsa m'wayilesi yakufa, amene timatolera misomali mumchenga. Akudziwa kuti maginito awiri ukawatembenuza amakanana, ungawakankhe bwanji. Nkhani yonse yagona pamenepo. Magetsi osonkhana aja akathamangira m'nkhata ya waya nthawi imodzi, nkhatayo imasanduka maginito amphamvu zoopsa kwa kamphindi. Mphamvu imeneyo imadzutsa magetsi ena m'paipi, ndipo paipiyo nayo imasanduka maginito otsutsana nawo. Ziwirizo zimakankhana. Nkhata ndi yomangidwa zolimba, ndiye paipi ndi imene imagonja. Mulibe jini m'menemo.

Komabe ndisakunamize, kudziwa zimenezi sikunandichotsere kudabwa. Aluminiyamu ukamuyandikiza ku maginito a Ababa aja sagwidwa n'komwe, amangokhala ngati mtengo. Koma chitsulo chomwecho, chimene sichimva maginito, ndi chimene chimapindika msanga kuposa zonse. A Hollis agwira makinawa zaka khumi, koma akuti nawonso mtima umawagunda nthawi iliyonse. Akuti mphamvuyi sanailenge munthu, inalipo chikhalire, m'mphezi ndi pansi pa nthaka, anthufe tangopeza pogwirira.

Sabata yatha anandilola kudina ndekha. Ndinati Bismillah, n'kudina, ndipo chinalira ngati mfuti. Nditatulutsa paipi ndinayang'ana chala changacho, sichinatope, sichinamve kanthu. Ndinangoti Subhanallah. A Hollis anandifunsa tanthauzo lake, nditawauza kuti ndi kunena kuti ulemerero ndi wa Mulungu, anati mawuwo ndi oyenera.

Paipi imene ili m'phukusimu ndi yomweyo, ndinaiphulitsa ndekha. Uwaonetse Ababa ali okha, anthu ena asaione, angayambe kulankhula zambiri.

Ndine mlongo wako,
Sadiki


Birmingham
20 Julayi 1975

Chemwali Habiba,

Moni. Iyi ndi kalata yachitatu chitumizireni phukusi lija, ndipo sindinalandire yankho ngakhale limodzi. Tsiku lililonse ndimapita pamene amaika makalata a ophunzira, n'kubwerako chimanjamanja. Kodi muli moyo? Ngati ndalakwa, bwanji osandiuza cholakwacho?

Pali nkhani. Maphunziro athu adzatha mu Okutobala, koma a Hollis apempha kuti ine nditsale chaka china ndiziwathandiza pa makina aja, ndipo akuluakulu a njanji avomera ngati ine ndifuna. Ndinafuna kumva mawu a Ababa ndisanayankhe. Koma ngati chete ameneyu ndiye yankho lawo, ngati sakufunanso kundiona pakhonde pawo, ndivomera kutsala. Andipatsa mpaka kutha kwa Seputembala.

Lemba, ngakhale mzere umodzi.

Sadiki


Ntaja
6 Seputembala 1975

Achimwene,

Asalamu alaikum. Tili moyo tonse awiri. Kalatayi sikudzera ku positi. Ndapatsira a Feston, anzanu a ku Nkaya aja, amene akubwera kumeneko pa maphunziro omwewo, choncho lero ndilemba zonse.

Mutachoka, patangotha masabata atatu, Ababa anagwa pakhonde akukhoma ndowa. Atatsitsimuka, dzanja lawo lamanja linali litafa, ndipo mwendo amachita kukoka. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, poopa kuti musiya sukulu. Anthu a pamsika anangomva kuti akudwala mwendo. Dzanjalo amalibisa m'kati mwa mkanjo.

Ndowa zonse zimene zagulitsidwa pakhomo pano kuyambira Disembala ndakhoma ndine. Tinasamutsira chidutswa cha njanji chokhomerapo chija kuseri kwa mpanda wa bango. M'mawa iwo amakhala pampando n'kumandiuza pomenya, masana amatuluka kukagulitsa. Odutsa akamva nyundo amati Che Abdulrazak ali pa ntchito. Magolovesi aja ndinapemphera zimenezo, malata anandicheka manja onse.

Tsono ganizirani kalata yanu yoyamba ija. Munthu wakhala miyezi itatu akuyang'ana dzanja lake lakufa, ndiye mwana wake akulemba kuchokera kutali kuti dzanja la munthu silidzafunikanso. Sizinali za majini iyayi. Analira, achimwene. Chimwalirire amayi ndinali ndisanawaonepo akulira.

Za phukusi. Mu Meyi ndinalandira kapepala kondiitana ku ofesi ina ku Balaka. Ndinapita Lachiwiri ndili wokondwa. Anandilowetsa m'chipinda momwe munali amuna awiri ovala masuti. Phukusi linali lotsegula patebulo, kalata yanu ili pambali, mawu ena atawadula mzere kunsi ndi inki yofiira: kuti chinalira ngati mfuti, kuti munaiphulitsa nokha, kuti anthu ena asaione. Anandifunsa kuti paipiyo ndi mbali iti ya mfuti, zidutswa zina zili kuti, ndipo mumacheza ndi ndani kunjako. Ndinayankha zimene ndimadziwa, koma sanakhutire. Tsiku limenelo sanandilole kubwerera.

Kondakitala wa basi ndiye anakauza Ababa. Lachitatu masana ndinangomva ndodo ikugogoda pakhonde la ofesiyo. Munthu amene sanapitirirepo pamsika kwa miyezi isanu ndi umodzi anakwera basi yekha mpaka ku Balaka. Analowa, napereka moni, nanena kuti iwo ndi mmisiri wa malata ndipo mwana wawo akuphunzira za zitsulo motumidwa ndi a njanji. Mmodzi wa amuna aja anawakankhira paipi ija n'kuwauza kuti anene chimene ili.

Apa ndi pamene anaiona koyamba. Anaitenga ndi dzanja lamanzere, koma inkawaterereka. Ndiye anatulutsa dzanja lakufa lija mumkanjo, pamaso pa anthu achilendo, n'kuligoneka patebulo kuti litsekereze paipiyo. Anayendetsa chala pachiuno pake kuzungulira, kawiri, katatu. Anaikweza ku windo n'kusuzumira m'kati. Anaiwala kumene ali. Amuna aja anawafunsanso, koma sanamve. Patapita nthawi Ababa anati, "Bwana, bweretsani chala chanu."

Bamboyo anadabwa, koma anapereka chala. Ababa anachiyendetsa pachitsulopo n'kumufunsa ngati akumva pamene nyundo inamenya, kapena pamene moto unapsereza, kapena msoko. Iye anati iyayi. Anamuuza kuti chitsulo chofewa chotere chingang'ambike ndi chipolopolo choyamba, mfuti yake ingaphe mwini wake yemweyo. Kenaka anati, "Ine ndakhoma zitsulo zaka makumi anayi. Ichi sindingachipange, ndipo m'dziko muno mulibe angachipange. Mwanayu amafuna kuti bambo ake aone, basi."

Winayo nayenso anapempha kuti akhudze. Anaitana ndi mlembi wa panja kuti adzaone. Pomaliza anatipatsa phukusi lathu, koma anandichenjeza kuti makalata athu aziwerengedwa. Ndinachita mantha kulemba, ndipo anu atatu aja anafika onse pamodzi mwezi watha, atamatidwa kachiwiri.

Kalata ya Ababa ili m'envulopu momwemu. Ndalemba monga ananenera.

Mlongo wanu,
Habiba


Ntaja
7 Seputembala 1975

Bismillah. Kwa mwana wanga Sadiki.

Mtendere ukhale nawe. Mlongo wako wakuuza za dzanja. Ndinamuletsa, koma waswa lamulo langa ndipo wachita bwino. Sindinakwiye nawe. Ndinakwiya ndi dzanja langali, iwe unangopondapo osadziwa.

Paipi yako ndakhala nayo miyezi inayi. Ndinamuuza Habiba kuti adule poto wakale, tipinde paipi yathu, tiyese kuipatsa chiuno chomwecho. Ndinawerenga nyundo mazana anayi. Chiuno chinabwera, koma chopendekera, ndipo nyundo iliyonse inasiya phazi lake. Ndinaziimika pamodzi ziwirizo n'kukhala pansi kumaziyang'ana mpaka nthawi ya swala inandipitirira.

Ine ndinkayesa kuti chitsulo ndimachidziwa. Ndinkati chimamva zinthu ziwiri zokha, moto ndi nyundo. Lero ndakalamba ndi pamene ndikumva kuti chili ndi khutu lachitatu, limene Mwini wake anachipatsa kuyambira pachiyambi, ndipo ine ndagona nacho nyumba imodzi moyo wanga wonse osalidziwa. Allahu akbar. Ndikuthokoza kuti sindinafe chaka chatha.

Tsono ndiyankhe izi. Mphamvuyo imadziwa bwanji polekezera? Ingathe kukankhira kunja, kapena imangofinyira m'kati? Ukafuna mimba ya ketulo osati chiuno, umatani? Munthu akaikapo dzanja, limapindika?

Za kutsala chaka china, tsala. Usatsale chifukwa chokwiya, utsale chifukwa ndakutuma. Ukabwera kuno sudzandibwezera dzanja. Ona zonse, maso akhute, udzandiuze bwinobwino.

A Feston ndawapatsira ketulo imodzi. Ukapereke kwa aphunzitsi akowo, uwauze kuti ndi moni wochokera kwa mmisiri mnzawo. Pansipa ndadinda ndi chala chamanzere.

Bambo ako,
Abdulrazak Chande


Birmingham
2 Novembala 1975

Okondedwa Ababa ndi chemwali Habiba,

Asalamu alaikum. A Feston anafika bwino. Makalata anu ndinawawerengera pa siteshoni pomwepo. Ababa, ndikhululukireni mawu aja. Chemwali, ndikhululukire zimene unakumana nazo chifukwa cha cholembera changa. Kuyambira lero ndizisankha mawu. Ndavomera kutsala monga mwanditumira.

Mayankho ndi awa. Dzanja silipindika, mphamvuyo imagwira chitsulo chokha. Kukankhira kunja imatha: nkhata yaing'ono imalowa m'kati mwa paipi, ndipo paipiyo imafufuma. Koma polekezera siidziwa. Pamafunika chikombole chachitsulo chozungulira paipiyo, kuti ikafufuma ikagunde m'menemo n'kutenga maonekedwe ake. Chikombolecho amasema ndi munthu.

Ketulo ndinapereka. A Hollis anavala magalasi, naitembenuza, nayendetsa chikhadabo pamsoko kuyambira pansi mpaka pakamwa. Anathiramo madzi n'kuiika papepala louma ola lathunthu, osadontha. Atamva kuti msokowo ndi wongopinda ndi nyundo pa chidutswa cha njanji, anaitana aphunzitsi ena awiri. Anafunsa kuti bambo anga ali ndi zaka zingati. Ndinati maso ndi a bambo anga, koma manja ndi a mlongo wanga, amene wagwira nyundo miyezi khumi yokha. A Hollis anati ophunzira awo a zaka zitatu sangapinde msoko wotere.

Funso lanu la mimba ya ketulo lawalowa m'mutu. Atha masabata atatu akusema chikombole chofanana ndi mimba ya ketulo yanu. Tayesa kasanu, ndipo kasanu konse talephera. Katatu chitsulo chinang'ambika pamene mimba yakula kwambiri. Titachepetsa mphamvu sichinang'ambike, koma paphewa pamatsala kachigwa ngati podina ndi chala, ndipo pakati pake pamakhala kadontho kakuda ngati popsa. Tikawonjezera mphamvu, kachigwako kamakula m'malo mochepa. Mabowo otulukira mpweya tinaboola pansi pa chikombole monga mwa buku. A Hollis akungokanda m'mutu. Chithunzi ndajambula kuseri kwa pepalali.

Mwendo ukupeza bwanji? Chemwali, magolovesi akadalipo?

Mwana wanu,
Sadiki


Ntaja
30 Novembala 1975

Achimwene,

Moni wa mvula yoyamba. Tadzala sabata yatha. Mwendo wa Ababa uli chimodzimodzi, koma munthuyo wasintha. Chibwerere ku Balaka, nkhani ya dzanja inafala msika wonse, ndiye anati palibenso chobisa. Anaitana amuna awiri kuti abwezere chokhomerapo chija pakhonde, ndipo tsopano ndikukhomera poyera. Masiku oyamba anthu ankaima pamsewu kuonerera. Akuluakulu ena a kumzikiti anabwera kudzanena kuti si ntchito ya mkazi. Ababa anawafunsa kuti ndowa zimene akhala akutungira chaka chino zikudontha kapena iyayi. Anamwa tiyi n'kumapita.

Chithunzi chanu akhala nacho masiku atatu. Dzulo anandiuza kuti nditenge cholembera, ndipo mawu awo ndi awa.

Akuti kung'ambikako, chitsulocho n'chouma mtima, chinaumitsidwa pochipanga paipi. Muchipake sopo wochapira, muchiwambe pamoto pang'onopang'ono mpaka sopoyo ade bii, pamenepo muchichotse msanga chizizire. Mukapitirira chisungunuka. Chikatero chimafewa ngati chikopa chonyowa.

Za kachigwa, akuti ndi mpweya. Kale ankaumba mapoto mumchenga ndi amalume awo ku Nselema, ndipo mpweya ukasowa potulukira unkasiya chizindikiro chotero. Akuti mabowo anu ali pansi, koma chitsulo chikathamanga chimayamba kutseka pansipo, ndiye mpweya umathawira paphewa n'kupanikizika mpaka kutentha. Kadontho kakudako ndi mpweyawo ukukuuzani pamene waima. Muboole pomwepo, bowo laling'ono ngati la singano.

Ndinawafunsa ngati sakuchita manyazi kulangiza anthu a makina. Anati makinawo sawadziwa, koma mpweya wa ku Mangalande ndi wa ku Nselema ndi umodzi.

Magolovesi abooka chala chimodzi, koma manja azolowera tsopano.

Mlongo wanu,
Habiba


Birmingham
11 Januwale 1976

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikum.

Kalata ya chemwali ndinawamasulira a Hollis mawu ndi mawu. Nditafika pa sopo anadzimenya pamphumi. Akuti mmisiri amene anawaphunzitsa ali mnyamata ankachita zomwezo, koma iwo anaiwala kalekale, ndipo anakhulupirira pepala la ogulitsa lonena kuti paipizo n'zofewa kale. Za bowo anakayika. Anati kuboola chikombole cha masabata atatu pamalo oonekera ndi kuchiwononga. Lachisanu m'mawa ndinawapeza ataboola kale.

Sopo ndinapaka ndine. Anada bii monga munanenera. Tinaika paipi m'chikombole, nkhata m'kati mwake, tinamanga mabawuti, n'kupita kuseri kwa galasi. A Feston analiponso. A Hollis anandiuza kuti ndidine m'malo mwa bambo anga.

Titamasula chikombole, mimba ya ketulo yanu inali m'menemo yathunthu, yowala ngati madzi. Paphewa posalala, popanda chigwa, popanda dontho. Ngakhale timizere ta tupa ya a Hollis tinadindika pachitsulopo, timene maso sankationa m'chikombole. Tinaiimika pambali pa ketulo ya chemwali. A Hollis anavula chipewa chawo n'kuchigwira pachifuwa, ndipo anaima choncho nthawi yaitali.

Pambuyo pake anandifunsa kuti Ntaja ili kutali bwanji ndi njanji. Ndinawajambulira papepala, Nkaya, Liwonde, kenaka ulendo wa pa basi. Akupuma pa ntchito chaka chamawa, akazi awo anamwalira, ndipo sanatulukepo m'dziko lawo chithere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Akufunsa ngati mungalole munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri kukhala pakhonde panu sabata imodzi n'kumaonerera. Sakuseka. Ndawauza kuti khondelo si langa.

Tikudikira yankho tonse awiri.

Mwana wanu,
Sadiki


Ntaja
8 Febuluwale 1976

Bismillah. Kwa mwana wanga Sadiki.

Mtendere ukhale nawe ndi aphunzitsi ako. Kalata yako Habiba wandiwerengera kanayi. Alhamdulillah. Chinthucho usachitumize pa positi, udzabwere nacho m'manja, ndikufuna ndidzachikhudze.

Mzunguyo umuuze kuti akadzapuma pa ntchito adzabwere mvula ikatha, mphasa ilipo. Koma umuuziretu kuti pakhonde pano palibe amangoonerera. Adzayamba ndi kuwongola malata ngati wina aliyense, ndipo mphunzitsi wake adzakhala Habiba.

Bambo ako,
Abdulrazak Chande